Khasu limene ndinapatsa mwana wa m'kalasi mwanga

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndagwira choko kwa zaka 14, zisanu ndi chimodzi mwa izo pasukulu ina ya kumunsi kwa phiri la Michesi m'boma la Phalombe. Sinditchula dzina la sukuluyo ngakhale la mwana amene ndikamba za iye, chifukwa nkhaniyi ndi yake kuposa mmene ilili yanga. Ndalemba kuti mphunzitsi mnzanga amene ali ndi ana oona zoopsa m'kalasi mwake asadzabwereze zimene ndinachita ine m'chaka cha 2023, ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikuthandiza.

Namondwe wa Freddy anatifika pakati pa mwezi wa Malichi chaka chimenecho. Mvula inagwa masiku angapo osalekeza, kenaka phiri linamasuka, ndipo matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo yozuka zinatsikira m'midzi. Pa 13 Malichi boma linalengeza kuti chigawo cha kumwera chili pa ngozi, ndipo pomaliza kuwerenga zinadziwika kuti anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, pamene opitirira 600,000 anasowa pokhala. Kwathu kuno akuluakulu sanatchule dzina la Freddy ayi, ankangoti napolo wadutsanso, pokumbukira wa mu Malichi 1991 amene anapha anthu ambiri m'dera lomweli. Sukulu yathu inasanduka msasa. M'kalasi mwanga mwa Sitandade 7 munagona mabanja oposa khumi, madesiki ena anathyoka, mabuku ananyowa, ndipo pamene tinkayambanso kuphunzira mu Epulo makoma anali akuda ndi utsi wa moto umene anthu ankaphikira.

Tsiku loyamba ndinaitana mayina a m'kaundula monga mwa masiku onse. Ana 96 ndiwo analembedwa, koma anabwera 61. Nditafika pa dzina la mtsikana wina, kalasi yonse inangoti zii, kenaka mmodzi wa kumbuyo anati, "Madamu, ameneyo anapita ndi madzi." Ndinalemba kamzere pa dzinalo, ndinameza malovu, ndipo ndinapitiriza kuitana dzina lotsatira. Nditamaliza ndinawauza kuti tonse tavutika, koma tsopano zapita, tilimbe mtima, titsegule makope. Ndimo mmene ndinakambira nkhani ya imfa ya mnzawo, ndipo sindinaibwerezenso teremu yonse. Tinali titataya milungu yambiri, ana omwewa anali atatayanso miyezi ingapo mu 2020 chifukwa cha COVID-19, ndipo m'mutu mwanga munali silabasi yokha. Ndikanadziwa, ndikanayamba ndakhala pansi ndi ahedi ndi makolo kaundula asanaitanidwe, kuti tidziwe amene wamwalira, amene waferedwa ndi amene wasamuka, n'kugwirizana mmene tiwauzire anawo ndi mmene tikumbukirire mnzawo, m'malo moti uthenga wa maliro uchokere pakamwa pa mwana wa zaka 13.

Mnyamata amene ndikukamba za iye anali mmodzi mwa ana asanu okhoza bwino, wochenjera pa masamu, ndipo ndinkamutuma kukatenga choko ku ofesi chifukwa anali wokhulupirika. Ndinkadziwa kuti mayi ake ndi mlongo wake wamng'ono anafa pa ngoziyo ndiponso kuti akukhala ndi agogo ake aakazi. Ndinamupepesa kamodzi pakhonde, ndinamusisita paphewa, ndipo ndinamuuza mawu amene ifenso tinakula tikuwamva akuti mwamuna salira. Iye anangoti, "Zikomo Madamu," ndipo ine ndinaganiza kuti ndachita mbali yanga.

Milungu yotsatira anasintha kwambiri moti ndinayamba kumuona ngati mwana wina. Ankafika mochedwa, ankagona pa desiki nthawi ya masamu amene ankawakonda, ndipo akadzutsidwa ankadzambatuka ali wokonzeka kumenya. Tsiku lina anamenya mnzake amene anangomukhudza kumsana pamzere wa phala. Ukamufunsa funso ankakuyang'ana ngati sakukuona. Mu ofesi ya aphunzitsi tinagwirizana kuti wayamba mwano chifukwa kunyumba kulibenso womudzudzula, ena anati mwina wayamba kusuta chamba, ndipo ine ndinavomereza kuti akufunika dzanja lolimba asanawonongeke. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anafunsa kuti mwanayu usiku amagona bwanji.

Cholakwa changa choyamba chachikulu chinabwera ndi chimangirizo. Ndinali nditamva penapake kuti munthu akafotokoza zimene zamupweteka mtima umapepuka, choncho pa phunziro la Chichewa ndinalemba pabolodi mutu wakuti "Tsiku limene napolo anadutsa m'mudzi mwathu", ndipo ndinati aliyense alembe ndime zitatu zoti ndichonge. Ena analemba mofulumira, ena anangogwira cholembera. Mtsikana wina wa kutsogolo anayamba kunjenjemera, anapempha kutuluka, ndipo anakasanza kuseri kwa kalasi. Mnyamata uja anandipatsa pepala lokhala ndi dzina ndi tsiku lokha. Ndinamupatsa ziro, ndipo mawa lake, monga ndinkachitira nthawi zonse, ndinawerenga malikisi a aliyense mokweza. Pambuyo pake ndinadzaphunzira kuti kukakamiza munthu kufotokoza mwatsatanetsatane zoopsa zimene waona, makamaka pagulu ndiponso pa nthawi imene sanasankhe yekha, sikuchiza ndipo kungathe kutsegulanso bala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO sililimbikitsa njira yotereyi ngakhale kwa akuluakulu. Mwana akafuna kulankhula amalankhula yekha, kwa munthu amene wamukhulupirira, ndipo nthawi zambiri amayamba ndi kachidutswa kochepa.

Cholakwa chachiwiri ndicho chimandisowetsa tulo mpaka lero. Linali tsiku lina la mu Meyi, ndipo lole inabwera kudzatsitsa miyala yokonzera chimbudzi chimene chinagwa. Miyala ija itakhuthuka nthawi imodzi kuseri kwa kalasi, kunamveka chiphokoso ngati cha bingu, ndipo mnyamatayu analumpha pa desiki, anakankha anzake awiri, n'kuthawira pabwalo akukuwa kuti, "Thawani, thawani!" Ana ena anaseka, ngakhale ndikakumbukira tsopano ndimaona kuti angapo anali atabisa mitu pansi pa madesiki ndipo sanaseke. Ine ndinapsa mtima chifukwa ndinaona ngati akuchita dala kuti asokoneze phunziro. Kumenya ana n'koletsedwa m'sukulu zathu, ndipo ine ndinkadzitama kuti sindigwira mkwapulo, ndimangopereka ntchito ya manja. Ndinatuma mwana kukatenga khasu, ndinamupatsa mnyamatayu, n'kumuuza kuti, "Iwe, ukakumbe dzenje la zinyalala kuseri uko, ndipo usabwere m'kalasi mpaka lifike m'chiuno." Anagwira khasulo, analiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yake inachita kuyera ngati phulusa, kenaka analiponya pansi n'kutuluka pampanda wa sukulu osacheuka. Sanabwerenso kwa milungu itatu.

Mlungu woyamba ndinali wokwiyabe ndipo ndinkadikira kuti agogo ake abwere naye kudzapepesa. Mlungu wachiwiri ndinangolemba kuti wajomba. Amene anandidzutsa ndi mayi wina wa m'gulu la amayi oyang'anira ana pasukulu, amene timangowatcha a mother group, yemwe anandipeza ndikuchonga makope n'kundifunsa ngati ndapitako kukaona mwanayo. Nditayankha kuti ndi iyeyo woyenera kubwera, mayiwo anangoti, "Madamu, tiyeni Loweruka tipitire limodzi, mukamve nokha."

Tinawapeza agogowo akusenda nandolo pakhomo pa kanyumba ka pulasitiki ndi mitengo. Atatiyalira mkeka ndi kutilonjera, ndinayamba kufotokoza za khalidwe la mdzukulu wawo, ndipo iwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Aphunzitsi, mwamupatsa khasu mwanayu?" Ndinavomera. Anandiuza kuti napolo atadutsa, mnyamatayu anakhala masiku anayi pamodzi ndi amuna a m'mudzi akukumba matope ndi makasu kufunafuna mitembo, ndipo khasu limene linayamba kukhudza chitenje cha mayi ake linali m'manja mwake. Mlongo wake sanapezeke mpaka lero. Anandiuzanso kuti usiku sagona, amakhala tsonga kumvetsera ngati phiri likulira, akangotseka maso amadzuka akukuwa, ndipo wayamba kukodza pogona ngati mwana wamng'ono, zimene zimamuchititsa manyazi kwambiri moti amachapa chofunda m'bandakucha anthu asanadzuke, n'chifukwa chake ankachedwa kusukulu. "Kusukulu kwanuko n'kumene amagonako pang'ono," anatero agogowo, "chifukwa kumakhala kowala ndipo kuli anthu." Iwo eni anapulumuka napolo wa 1991, ndipo anati mpaka pano mvula ikamagwa usiku amavala nsalu zawo n'kukhala pafupi ndi chitseko.

Sindinathe kuyankha. Mnyamatayu anali kuseri kwa nyumba ndipo anakana kutuluka, ndipo ndikuthokoza kuti mayi a mother group aja anandiletsa kumuitana mokakamiza. Pobwerera ndinalira njira yonse. Zonse zimene ndinazitcha mwano zinali ndi chifukwa chake, ndipo zikanangonditengera ulendo wa mphindi 40 wapansi kuti ndizidziwe mu Epulo.

Mwezi wa Juni, a PEA, amene ndi mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lathu, anaitanitsa aphunzitsi awiri pasukulu iliyonse ku maphunziro a masiku awiri ku TDC, malo osulirako aphunzitsi a m'dera, ophunzitsidwa ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pamodzi ndi bungwe lina lothandiza. Ndinapempha kuti ndipite ineyo. Kumeneko ndinamva koyamba mawu a Chingerezi akuti trauma, amene tinagwirizana kuwatcha bala la mumtima. Anatifotokozera kuti mu ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala kamene kamagwira ntchito ngati mlonda. Kakaona ngozi, thupi limatulutsa michere ya adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, minofu imakungika, ndipo munthu amamenya, amathawa kapena amangouma osatha kuchita kanthu. Mwa munthu amene waona zoopsa kwambiri, mlondayu amatha kukhala tcheru ngakhale ngozi itapita, moti phokoso, fungo la dothi lonyowa kapena chida ngati khasu zimamubwezera pa tsiku lija ngati kuti zikuchitika pompano. Pa nthawi imeneyo mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene mwana amaganizira, kudziletsa ndi kusunga zimene waphunzira, imagwira ntchito mofooka. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti ndinkakalipira mwana kuti aloweze masamu pamene thupi lake lonse linali kuthawa phiri.

Anatiuzanso za kafukufuku wa ku America amene zotsatira zake zinayamba kutuluka mu 1998, wokhudza anthu akuluakulu oposa 17,000, yemwe anaonetsa kuti amene anakumana ndi zowawa zambiri ali ana, monga nkhanza ndi kusasamalidwa, ankapezeka kwambiri ndi matenda a maganizo, uchidakwa ngakhalenso matenda a mtima atakula. Izi zinandiopsa, koma anafulumira kunena kuti si chiweruzo, pakuti ana ambiri amachira pakapita nthawi, makamaka akakhala ndi munthu wamkulu mmodzi wodekha amene sasinthasintha. Chimene ndinatenga kwambiri ndi njira ya chithandizo choyamba cha maganizo imene WHO ndi mabungwe anzake anasindikiza mu 2011, yokhala ndi ntchito zitatu zokha: kuona amene akuvutika, kumumvetsera popanda kumuumiriza, ndi kumulumikiza ndi thandizo limene akufunika. Mphunzitsi si dokotala, ndipo sanatiphunzitse kuchiza. Anatiphunzitsa kusawonjezera bala ndi kudziwa nthawi yotumiza mwana kwa odziwa. Ndinene moona kuti masiku awiri anali ochepa, zambiri tinangozikhudza pamwamba, ndipo palibe amene anatiuza mmene zonsezi zingachitikire m'kalasi ya ana 80 ndi mphunzitsi mmodzi.

Chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kupepesa. Ndinabwereranso kwa agogo aja, ndipo ulendo uwu mnyamatayu anakhala chapatali akusema kamtengo. Sindinamufunse za napolo. Ndinati, "Mwanawe, ndinakulakwira pa nkhani ya khasu lija ndi ya chimangirizo. Sindinkadziwa, koma ndinayenera kufunsa. Malo ako m'kalasi alipo, ndipo sindidzakupatsanso chilango chimenecho." Sanayankhe, ndipo sanabwere Lolemba lake monga ndinkayembekezera. Anabwera Lachinayi, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Kale ndikanamubweza kutsogolo kumene ndimaika ana okhoza, koma ndinamusiya, chifukwa ndinali nditamva kuti mwana wamantha amakhazikika akamaona potulukira.

Zimene ndinasintha m'kalasi zinali zazing'ono, ndipo sizinafune ndalama. Ndinasiya kumenya desiki ndi ndodo pofuna kuti ana akhale chete, m'malo mwake ndinkakweza dzanja n'kuyamba kanyimbo kamene onse ankayankha. M'mawa uliwonse ndinkalemba pakona ya bolodi ndondomeko ya tsikulo, ndipo ngati kukubwera lole, alendo kapena kusintha kulikonse ndinkawauziratu. Tinkayamba tsiku ndi mphindi zitatu zopuma mpweya pang'onopang'ono, kukokera m'mphuno ndi kutulutsa m'kamwa mochedwa, zimene poyamba ana ankaziseka koma kenaka ankandikumbutsa okha ndikaiwala. Ndinasiya kuwerenga malikisi mokweza. Pa chimangirizo ndinkapereka mitu itatu kuti mwana asankhe, ndipo amene ankafuna kulemba za namondwe ndinkamulola koma sindinkawerenga pagulu. Ndinagwirizana ndi mnyamata uja, pamodzi ndi ana ena anayi, kuti mtima ukayamba kuthamanga angoika cholembera chopingasa pa kope n'kutuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango umene ndinkauona pawindo, kwa mphindi zisanu, osafunsidwa mafunso. Akagona ndinkamusiya kotala la ola, kenaka ndinkamudzutsa pomutchula dzina ndili kutsogolo kwake, osamukhudza kumsana.

Izi sizikutanthauza kuti malamulo anatha. Atamenyanso mnzake mu Julayi, sindinanyalanyaze. Ndinadikira kuti mtima wake ukhale pansi, chifukwa kulankhula ndi mwana amene akunjenjemera n'kutaya mawu, kenaka tinakhala atatu, anamva mmene mnzakeyo anamvera, anapepesa, ndipo anamuthandiza kukopera notsi za mlungu wonse. Mphunzitsi mnzanga wina, wamkulu kwa ine pa ntchito, anandiuza poyera kuti ndikulera ulesi ndipo ana onse ayamba kunamizira napolo. Sanalakwe kotheratu, pakuti anyamata awiri anayeseradi kugwiritsa ntchito mtengo wa mango pothawa masamu, ndipo ndinachita kukhwimitsa kuti amene watuluka amalize ntchito yake nthawi yopuma. Tinakhala mwezi wathunthu tikungopatsana moni wouma. Silabasi nayo sindinaimalize, mitu iwiri ya sayansi inatsala, ndipo ndinayenera kukafotokoza kwa ahedi.

Kusowa tulo ndi kukodza pogona sizinasinthe, ndipo ku maphunziro kuja anatiuza kuti zizindikiro zikapitirira mwezi umodzi n'kumalepheretsa mwana kukhala bwino, akufunika kuonedwa ndi achipatala. Apa tinachedwa kwambiri. Agogo ankaopa kuti mdzukulu wawo atchedwa wamisala ndipo amutengera ku chipatala cha ku Zomba, choncho anayamba apita naye ku mapemphero. Sindinalimbane nawo, ndipo ndikuona kuti ndinachita bwino, chifukwa abusa omwewo ndi amene anadzawalimbikitsa kuti pemphero ndi chipatala sizidana. Atavomera, vuto linakhala ulendo. Milatho ina inali isanakonzedwe, ndipo kabaza wa njinga yamoto ankafuna K12,000 kupita ndi kubwera kwa anthu awiri. Ulendo woyamba tinalakwitsa tokha, tinapita tsiku limene namwino woona za matenda a maganizo sankaona odwala, ndipo ndalama ija inangopita pachabe. Amene mukufuna kutumiza mwana, yambani mwafunsa kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi kapena wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu za tsiku loyenera, ndipo mutenge buku la kuchipatala la mwanayo. Mnyamatayu anaonana ndi namwino koyamba kumapeto kwa Ogasiti, patatha miyezi isanu ndi theka chichitikire ngoziyo. Anapitako kanayi. Maulendo awiri ndinalipira ndine kuchokera pa malipiro anga, umodzi a mother group anasonkha, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala mtengo wa kabaza unafika K18,000, moti ulendo wachisanu sunatheke. Namwinoyo sanamupatse mankhwala, ankangokambirana naye ndi kuphunzitsa agogo zochita akadzuka akukuwa usiku.

Pali chinthu china chimene ndikanakonda kuchidziwa kale. Tsiku lina mnyamatayu anandiuza pansi pa mtengo uja kuti bola akanapita iyeyo m'malo mwa mlongo wake, chifukwa anamusiya dzanja pothawa. Ndinachita mantha ndipo ndinatsala pang'ono kumuuza kuti asamayankhule zotero. Ndinakumbukira kuti kufunsa mwana mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu, choncho ndinamufunsa modekha. Anati ayi, koma amangolakalaka atagona osalota. Ndinamuuza kuti madzi amene anagubuduza miyala yoposa nyumba sakanagwiridwa ndi dzanja la mwana, ndiponso kuti zimene wandiuzazo ndiwauza agogo ndi namwino chifukwa ndikufuna akhale wotetezeka. Musalonjeze mwana kuti musunga chinsinsi chilichonse, chifukwa akakuuzani zofuna kudzivulaza kapena zoti wina akumuchita nkhanza muyenera kudziwitsa oyenera, ndipo mwanayo adzaona ngati mwamupereka. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza ana, ndipo ndinailemba pakhoma la kalasi pamene aliyense angaione popanda kufunsa.

Mu Seputembala ndinapempha ahedi kuti ndikwere ndi kalasi yanga ku Sitandade 8 kuti anawo asayambenso kuzolowera munthu wina, ndipo anavomera. Ndinkaganiza kuti zinthu zayenda, mpaka mvula yoyamba yamphamvu itagwa pa malata kumapeto kwa chaka. Kalasi yonse inasokonekera. Ana ena analira, atatu anathawira kwawo mvula ili mkati, ndipo mnyamata uja anauma pa desiki maso ali pa phiri. Mlungu umenewo anajomba masiku atatu, ndipo ndinamva ngati ntchito yonse ya miyezi isanu yagwa. Sinagwe, koma ndinaphunzira kuti kuchira kumabwerera m'mbuyo nyengo ikafanana ndi ya tsiku lija. Tinakhala pansi ndi komiti ya sukulu n'kukonza dongosolo loti mvula ikakula ana onse azikhala m'kalasi limodzi ndi mphunzitsi, malo okwera othawirako adziwike, ndipo wina azimvera wailesi za nyengo. Tinawafotokozera anawo dongosololi n'kuliyeserera kunja kuli dzuwa. Mnyamatayu ndinamupatsa ntchito yoyeza mvula ndi botolo lodulidwa ndi rula n'kumalemba pa tchati, ndipo pang'onopang'ono anayamba kusiyanitsa yekha mvula ya masiku onse ndi ya masiku aja.

Pa tsiku la mvula yoyambayo ndinazindikiranso kanthu za ine mwini. Manja anga ankanjenjemera moti choko chinagwa. Khoma la nyumba yanga linagwa usiku wa namondwe ndili m'kati ndi ana anga awiri, ndinaika maliro a anthu asanu ndi awiri amene ndinkawadziwa, ndipo ndinabwerera ku ntchito osauzako munthu kuti nanenso sindigona. Ukali umene ndinali nawo mu Meyi sunachokere kwa mwana uja yekha. Ndinayamba kukumana Lachisanu lililonse tikaweruka ndi aphunzitsi anzanga awiri, mmodzi wa iwo ndi yemwe uja tinakangana, amene anadzaulula kuti mchimwene wake sanapezeke. Sitinkachita zambiri, tinkangomwa thobwa n'kumafunsana mmene mlungu wathera, koma ndinasiya kukalipa.

Ndiyenera kunenanso za mtsikana amene anasanza tsiku la chimangirizo. Iye sankamenya munthu, sankachedwa, makope ake anali aukhondo, ndipo ankasesa m'kalasi asanatumidwe. Chifukwa sankandivutitsa, maso anga onse anali pa mnyamata uja ndi ena aphokoso. Sindinaone kuti wasiya kusewera ndi anzake, kuti phala amalisunga m'kabotolo kupititsa kwa azing'ono ake, ndiponso kuti sanasekepo chibwerere. Bambo ake anafa pa ngoziyo, munda unakwiririka ndi miyala, ndipo njala ya chaka cha 2024, imene inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mu Malichi, inawapeza alibe chogwira. Teremu yachiwiri sanabwere. Pamene ine ndi a mother group tinkafika kwawo, anali atapita kale kwa achibale kutsidya kwa malire ku Mozambique, ndipo sitinathe kumubweza. Kuchokera pamenepo ndimasunga kabuku kamene ndimalembamo mayina a ana asanu tsiku lililonse oti ndilankhule nawo mawu awiri atatu, motsatira kaundula osati motsatira amene wandisokoneza, kuti pakutha kwa mwezi aliyense ndikhale nditamufunsa mmene wadzukira.

Mnyamata uja analemba mayeso a MANEB a Sitandade 8 mu 2024. Anakhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale yogonera komweko monga tinkayembekezera napolo asanadutse, anapeza malo ku sekondale yoyendera ya m'dera lathu. Agogo ake akuti kukodza pogona kunatha, koma mwezi wa Malichi ukafika amagonabe atavala nsapato. Amadutsa pasukulu pathu nthawi zina popita kwawo, amandipatsa moni, ndipo amayang'ana ngati botolo loyezera mvula likadali pamalo pake. Za khasu lija sitinakambiranenso, ndipo dzenje la zinyalala tinachita kulemba waganyu kuti akumbe.